Amayi ndi mawondo awo ku Watkins Glen: tingakwanitse?

Abale anga a ku New York ndi madera ozungulira, ndigawireniko nzeru. Amayi akubwera kudzationa mu June, ndiye ndikufuna ndikawaonetse Watkins Glen State Park, kumwera kwa nyanja ya Seneca kuja. Kamtsinje ka Glen Creek kanang'amba thanthwe n'kupanga chigwembe chakuya cha mathithi 19, ndipo pa Cavern Cascade umadutsa kuseri kwa madzi akugwawo. Ndikudziwa kuti akakondwa zedi.

Chikundidetsa nkhawa ndi masitepe. Alipo oposa 800, ambiri onyowa, pomwe amayi ali ndi zaka 68 ndipo mawondo amawavuta. Iwo akuti paja ankakwera phiri atasenza nkhuni, koma zimenezo ndi zakale!

Amene munapitako ndi achikulire, munatani? Tikwere basi ya pakiyo mpaka kumtunda n'kumatsika, kapena masitepe 180 a kumtundako, otchedwa Jacob's Ladder, akawapweteka kwambiri potsika? Nanga tikayambira kumunsi n'kubwerera pa mathithi a Rainbow Falls, tikhala titaona zokwanira? Kapena tingopita ku paki ina ya Letchworth, komwe galimoto imafika pafupi ndi mathithi a mtsinje wa Genesee?