Za agogo ogona m'nyumba kwathu kwa Mlolo: tiyambe lero kapena tilembetse kaye?

Wapampando (Blantyre): Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ija tinaisiyira panjira mwezi watha tiimalize sabata ino. Zomwe takhala tikusonkha zakwana kuti tilembe amayi anayi oti aziyendera agogo amene sathanso kudzuka okha m'midzi yathu: kuwatungira madzi, kuwaphikira phala, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala. Agulupu avomera kale pakamwa. Tsono tiyambe mwezi wa mawa, kapena tiyambe talembetsa ku ofesi ya Social Welfare ku boma la Nsanje ndi kulemba malamulo athu? Aliyense alankhule, koma mwaulemu.

Achimwene a ku Johannesburg: A Wapampando, tiyambe basi. Pamene tikulemba pano pali agogo amene agona pamphasa yonyowa chiyambire dzulo, palibe wowatembenuza. Kuti munthu achoke ku Makhanga kukafika ku boma, akwere boti kuwolokera ku Bangula, akwerenso galimoto, ndipo nkhani ya mapepala siitha ulendo umodzi. Ndalama ya maulendowo ndi sopo wa miyezi ingati? October wayandikira, dzuwa la kwathu mukulidziwa. Ine ndimatumiza ndalama kuti zikafike pathupi la agogo.

Anamwino (opuma ntchito, Zomba): Mwana wanga, mtima wako ndaumva, ndipo ndi wabwino. Koma ndilole ndikuuze zomwe ndaona zaka zonse ndili m'mawodi. Munthu amene wafa ziwalo mbali imodzi ndi sitiroko samwetsedwa phala chogona, amatsamwa, phalalo n'kulowa m'mapapo, patapita masiku ochepa chibayo chayamba. Amafunika kumukhazika tsonga, sipuni imodzi imodzi, ukudikira ameze. Wogoneratu amafunika kumutembenuza maola awiri aliwonse, apo ayi pamchiuno ndi pazidendene pamatuluka zilonda zomwe zimadya mpaka fupa. Nanga mankhwala a BP ndi a shuga? Mayi wachifundo koma wosaphunzitsidwa akhoza kuona agogo afooka n'kuwawonjezera piritsi, kapena kuwamwetsa la shuga asanadye kanthu. Kutentha kwa kwathu kumapitirira madigiri 40, ndipo okalamba samva ludzu msanga ngati ife, amangouma chamkati ali phee. Zonsezi n'zophunzitsika, sizifuna digiri. Nthawi imene Edzi inavuta, amayi a home based care ankaphunzitsidwa kaye, ankakhala ndi kaundula, ndipo ankadziwika kuchipatala. Ena a iwo akadalipo m'midzimo. Tiyambe tawafufuza amenewo, ndipo alangizi a zaumoyo a m'deralo akhale maso athu.

Achimwene a ku Johannesburg: Amayi, zimenezo sindikutsutsa. Koma maphunziro ndi china, kulembetsa ku boma ndi china.

Msungichuma (Lilongwe): Achimwene, ine ndiyankhe za kulembetsako, poti zinandionekera pakhomo pathu. Ambuya anga, mayi awo a mayi, anasiya kuona bwino chaka cha namondwe Ana chija, 2022. Tinapempha mnyamata wina woyandikana nawo nyumba kuti aziwathandiza, ife n'kumatumiza ndalama pa foni yomwe tinawagulira. Foniyo ankasunga ndi iyeyo, chiphaso chawo cha unzika n'chimodzimodzi, ati kuopa chiswe. Ndikaimba, ambuya ankati zonse zili bwino, kumeneko n'kuti iye ali chiimire pambali pawo. Nditapita pa Khirisimasi ndinawapeza atavala chitenje chomwe chija ndinawasiyira, chitang'ambika pamsana, m'nyumba muli mchewere wosakwana n'kambale komwe. Mbuzi ziwiri zinali zitagulitsidwa. Ndinawasambitsa ndekha kuseri kwa nyumba, nthiti zonse zikuwerengeka, iwo akungondigwira dzanja kuti ndisakalankhule kanthu chifukwa akadzakwiya mnyamatayo adzawatungira madzi ndani. Ndinalira. Ndinalibe pokadandaula popeza panalibe pepala, panalibe mboni, tinangogwirizana pakamwa. Ndiye lero tikufuna kutumiza anthu m'nyumba za agogo osaona, osamva, ena olandira Mtukula Pakhomo, popanda wowayang'anira? Ine ndalama za gulu sinditulutsa mpaka tilembe kuti wosamalira sagwira foni, chiphaso kapena ndalama ya agogo, ndiponso salandira munda, mbuzi kapena dimba ngati mphatso.

Wapampando: Pepani kwambiri achemwali. Sitinkadziwa kuti zinafika pamenepo.

Amalume a ku Nchalo: Ine nkhawa yanga ili pena. Kwathu wokalamba amasamalidwa ndi mbumba yake. Tikayamba kulipira anthu, ana eniake apinda manja, azidzati agogo ndi a bungwe. Chachiwiri, mndandanda alembe ndani? Tonse tikudziwa zimene zimachitika thandizo likabwera pamudzi, maina a abale amatsogola, wosowa weniweni n'kutsala. Anthu ogwira ntchito m'minda ya mizimbe kuno ambiri ali ndi makolo kutsidyako, ndipo amatumiza kangachepe. Asadzaone ngati tawalanda udindo.

Aphunzitsi a ku Muona: Amalume, ine ndili konkuno, ndiye ndinene zimene ndikuona. Mbumba imene mukunenayo inabalalika. Madzi a 2015 anasamutsa anthu, namondwe Idai mu 2019 n'kubwereza, namondwe Freddy mu March 2023 n'kumalizitsa. Ena anasamukira kumtunda, ena ali ku Bangula, achinyamata ali m'tauni kapena ku Mozambique. Agogo ambiri atsala ndi tizidzukulu ta sukulu, tina timajomba m'kalasi mwanga chifukwa tikuphikira agogo.

Koma chimene chikundiopsa ine ndi ichi. Ndalankhula ndi amayi awiri mwa amene tikuwaganizira. Onse afunsa funso limodzi: agogo akadzamwalira nditangowamwetsa phala, adzanditeteza ndani abale akadzati ndawadyetsa mankhwala? Ndipo mbali inayo, pali agogo ena amene mutu unayamba kuiwala, amatuluka usiku osavala, n'kukapezeka pakhomo pa eni ake mbandakucha. Kuchipatala amati ndi matenda a ukalamba, koma pamudzi amati agwa pa ndege ya ufiti. Simunaiwale za ku Neno mu January 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Koma lamulo limagwira ntchito pamene pali wokanena. Tikalembetsa ngati CBO (bungwe la anthu a m'dera), a Social Welfare, a VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi) ndi apolisi a m'mudzi adzatidziwa, ndipo mayi wathu akadzaona agogo akuopsezedwa adzakhala ndi khomo logogoda, osaoneka ngati wolowerera za banja la eni. Safunsa anadya phula, abale anga.

Amalume a ku Nchalo: Aphunzitsi, za matenda oiwalawo mwanena zoona. Azakhali anga anathera momwemo, tinkawamangirira chitseko ndi chingwe usiku, mpaka lero zimandipweteka. Koma za mndandanda simunandiyankhe.

Aphunzitsi a ku Muona: Mndandanda usalembedwe ndi munthu mmodzi. Mfumu itchule, mlangizi wa zaumoyo akaone ndi maso, wa mpingo kapena wa mzikiti akhalepo, kenako maina awerengedwe pabwalo anthu onse akumva. Muyeso ukhale woti aliyense angathe kuuona: kodi amadzuka okha, amafika kuchimbudzi okha, amadya okha, pali wamkulu wogona nawo pakhomo? Zaka zokha si muyeso. Alipo a zaka 80 amene akulimabe mbatata kudimba, alipo a zaka 65 amene sitiroko inawagoneka.

Anamwino: Ndiwonjezere. Aziyenda awiriawiri, ndipo pakhomo lililonse pakhale kope lolembamo tsiku, zimene agogo adya, mankhwala ndi chilonda ngati chilipo. Wachibale asainire kapena adinde chala. Pamenepo nkhawa ya amalume yathanso, chifukwa banja limene silikuonekera lidzadziwika m'kopemo. Agogo aamuna azisambitsidwa ndi mwamuna, choncho mwa anayiwo mmodzi akhale bambo. Ndipo agogo eniake afunsidwe. Akakana kusambitsidwa ndi mlendo, akana, thupi ndi lawo.

Mlembi (Mzuzu): Ndikulemba zonse. Pali chimodzi chimene palibe wachitchula: mvula. Madzi a Ruo ndi Shire akabwera usiku, wothamanga amathawa, wogona amatsala. Pa dzina lililonse tilembepo anyamata awiri odzanyamula agogowo ndi malo okawasiya, ndipo mndandandawo ukhalenso ndi komiti yoona za ngozi ya m'mudzi isanafike December. Mankhwala ndi mabuku a kuchipatala azikhala m'jumbo yomanga bwino, pamwamba.

Achimwene a ku Johannesburg: Zonsezi n'zabwino, koma mwaona mmene zachulukira? Kope, bwalo, maphunziro, boma. Tidzamaliza liti? Ine mayi anga aang'ono ali kumeneko, miyendo inatupa, madzi amachita kupempha kwa ana odutsa. Ndikawauza kuti dikirani satifiketi?

Wapampando: Achimwene, musawauze choncho. Ndamva mbali zonse, ndiye maganizo anga ndi awa. Madzi, nkhuni, kusesa ndi kuchapa tiyambe mwezi wa mawa, awiriawiri, kope lili m'manja, maina atawerengedwa pabwalo. Kusambitsa ogoneratu, kudyetsa a sitiroko ndi mankhwala zidikire mpaka anthu athu ataphunzitsidwa. Kalata ya ku Social Welfare ipite sabata ino, idzere kwa agulupu ndi ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu. Amene akutsutsa anene pofika Lachisanu.

Msungichuma: Ndavomera, bola mfundo ya foni ndi chiphaso ilembedwe poyamba penipeni. Malipiro ndizitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba kwa wosamalira aliyense payekha, osadzera kwa munthu wina, ndipo risiti ndiziponya pano.

Amalume a ku Nchalo: Ine ndikadali ndi chikayiko pa zolipirazo, koma sinditsekereza. Ndipempha kuti pakatha miyezi itatu tidzaone m'makopemo ngati ana eniake akubwerabe.

Anamwino: Ine ndikhoza kutsika kudzaphunzitsa masiku atatu osalipidwa, mungondipezera pogona. Aphunzitsi, mukafunse ku chipatala cha Trinity ngati angatibwereke namwino mmodzi woti tidzathandizane, kuti anthu athu adzadziwike kumeneko akamabwera ndi wodwala. Ndidzadzera msewu wa ku Thabwa mvula isanagwe.

Aphunzitsi a ku Muona: Takhuta, amayi. Ndipita Lachitatu ndikaweruka. Achimwene a ku Joni, nditumizireni kumbali dzina la mudzi wa mayi anu aang'ono, mawa ndidzera komweko pa njinga ndi chigubu cha madzi. Miyendoyo inayamba liti kutupa, ndipo yatupa yonse iwiri kapena umodzi? Anamwino afuna adziwe.