Makina akuti 0-0 koma chiwongolero chikunjenjemerabe

Wofunsa: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi Toyota Corolla ya kasitomala, yamanati anayi ija, malimu a aloyi ogula padera, matayala atsopano. Onse anayi ndawachita balansi, makina akuonetsa 0 mkati, 0 kunja. Koma ikafika pa liwiro la 90 mpaka 110 chiwongolero chikunjenjemera, ikapitirira apo kunjenjemerako kukuchepa. Mwini wake wabwera nayonso nkhope ili gwa.

Wa mabuleki: Ikutero mukaponda buleki kapena nthawi zonse? Ngati n'poponda buleki pokha, amenewo ndi madisiki, matayala alibe mlandu.

Wofunsa: Ayi achimwene, phazi lili kutali ndi buleki.

Mkulu wa matayala: Ziro wa makina musamukhulupirire kwambiri, mphwanga. Amangokuuzani kuti kulemera kwagawika bwino pamene mwalimangapo, sakuuzani kuti gudumu ndi lobulungira. Limasuleni, mulitembenuze theka pa koni, kachitsulo kosongoka kamene kamagwira gudumu pakati pa makina, mumangenso n'kuzungulitsa. Likapempha mtovu wina womata pa limu wopitirira magalamu 10, ndiye kuti silikukhala pakati, kapena makina akufunika kuwachuna. Likamazungulira yang'anitsitsaninso pamwamba pa tayala. Ngati likudumpha ngati dzira, mtovu sungalichiritse ngakhale mumate wochuluka bwanji. Ndipo kadontho kachikasu ka m'mbali mwa tayala kamayenera kuyang'anizana ndi valavu, anyamata ambiri amangovala tayala osakaona n'komwe.

Wa mabuleki: Madzi a m'kompuresa nawonso, akalowa m'tayala manambala amasinthasintha.

Wofunsa: Ndayesa, bambo. Manambala sakusuntha, tayala silikudumpha, madzi mulibe.

Mkulu wa matayala: Basi vuto lili pa galimoto. Yezani bowo la pakati pa limu. Habu ya Corolla imeneyo, chitsulo chimene limu limakhalapo, ndi 54.1 mm, pomwe malimu ambiri ogula padera amabwera ndi bowo la 73.1 mm kuti akwane magalimoto osiyanasiyana. Pa makina koni imaligwira pakati, koma pa galimoto likungodalira manati. Mupeze maring'i otseka mpata wa pakati pa limu ndi habu, a 73.1 kunja, 54.1 mkati, mupale dzimbiri pa habu, muonenso ngati manatiwo ndi oyenera malimu amenewo. Pomanga muzidumphitsa, nati iyi kenako yoyang'anizana nayo, gudumu lili m'mwamba. Mfuti ya mpweya yomangira manati isamalize ntchito, malizani ndi sipanala ya toku, yoyeza mphamvu yomangira.

Wofunsa: Bowo ndi 73.1 ndithu, ndipo maring'i munalibe. Ndawaika onse anayi, pa 110 chiwongolero chili phee. Zikomo kwambiri bambo.

Wa mabuleki: Mumuuze mwini wake kuti akadzaika sipeya, ring'i imakonda kutsalira pa habu. Aziichotsa kaye, apo ayi limu lachitsulo silikhala bwino.