A khonsolo akana kundipatsa layisensi chifukwa cha puloti

Mayi Nabanda: Atelala anzanga, ndithandizeni nzeru msanga. Ndachita lendi galaja ya nyumba ina, ndaikamo makina atatu osokera ndi ovaloko (makina osokera m'mphepete mwa nsalu), ndipo ndalipira miyezi itatu pasadakhale. Dzina la bizinesi ndinalembetsa kwa Registrar General, TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ya ku MRA ndili nayo, koma a khonsolo atabwera kudzaona malo anati sangandipatse layisensi popeza pulotiyo ndi yokhalamo anthu, si ya malonda. Oda ya mayunifomu ikudikira ndipo alandilodi sakuyankha foni.

Bambo Chisale: Mayi, nkhani imeneyi ndi ya alandilodi. Chilolezo chosintha ntchito ya malo amapempha ndi mwini puloti ku ofesi yoona za mapulani a mzinda, chifukwa zikalata za malowo zili m'dzina lake. Inu musaponyepo ndalama.

Mayi Nagama: Samalani ndi anthu amene amazungulira pa maofesi ponena kuti akufulumizitsirani mapepala. Mnzathu wina anawapatsa ndalama, iwo anamubweretsera pepala lokhala ndi chidindo, koma tsiku la chipikisheni linapezeka kuti ndi labodza. A khonsolo anamutsekera shopu, nsalu za makasitomala zili momwemo, kuphatikizapo diresi la ukwati wa Loweruka lomwelo. Ndalama iliyonse muzilipira pa kauntala ndipo muzitenga lisiti.

Bambo Mwale: Kodi pangano lanu ndi lolembedwa? Ngati munalembamo kuti malowo ndi osokeramo zovala, muli ndi poyambira pofuna kuti akubwezereni ndalama. Ngati munangogwirizana pakamwa, zivuta. Funsaninso ngati nyumbayo ilibe ngongole ya msonkho wa kukhonsolo, chifukwa eni nyumba ambiri amene amaopa kupita kumeneko amakhala akuthawa ngongole.

Bambo Chisale: N'chifukwa chake ndikunena kuti ndi nkhani ya alandilodi. Wochita lendi alibe mphamvu pa puloti ya mwini.

Mayi Nagama: Tamva, Bambo Chisale, koma wotsekeredwa shopu ndi telala, mwini nyumba amakhala akugona tulo. Mayi Nabanda, musakhome kaye chikwangwani pa geti, popeza nachonso chimafuna chilolezo chake.

Bambo Chisale: Ngakhale chikwangwanicho, mpandawo ndi wa alandilodi.

Bambo Mwale: Nanga mita ya ESCOM ndi imodzi ndi nyumba yaikulu? Ine ayironi yokha inandiyambanitsa ndi alandilodi pa za mayunitsi mpaka ndinasamuka mwezi usanathe.