Bwanji njanji za sitima za m'tauni amaziika pakati pa msewu?

Wa ku Chikanda: Abale tandithandizani, dzulo ndimaonera kavidiyo ka sitima zamagetsi za ku Addis Ababa zija anatsegula mu 2015, ndiye chandidabwitsa njanji yake malo ambiri ili pakatikati pa msewu, magalimoto uku ndi uku. Bwanji osaiika m'mbali anthu azingokwera ngati minibasi? Ndimaganizira za kuno ku Zomba, itati izichoka ku Chinamwali kudutsa m'tauni mpaka 3 Miles.

Mjomba wa Matawale: Achimwene m'mbalimo ndi momwe muli chipwirikiti chonse. Tangoimani pa M3 m'tauni muja muwerenge timisewu tolowera m'mashopu, apa kabaza waima, apo lole ikutsitsa matumba, ndiye galimoto iliyonse yokhotera kumanzere bwenzi ikudula njanji, pomwe sitima siizemba ngati minibasi, imangopita komwe chitsulo chaloza. Ikakhala pakati imangolimbana ndi okhotera kumanja basi, amenewo maloboti amawaimitsa.

NaChisale: Ee koma a Mjomba osaiwala oyenda pansi. Ku Addis konko njanji anaitchinga ndi mpanda kuti sitima izithamanga, munthu ukufuna tsidya ilo ukuliona ndi maso koma uyende kaye mtunda kukapeza powolokera. Amayi asenza dengu la tomato kupita ku Mpondabwino inu muwauze akazungulire?

Fundi Wakale: Kuno chovuta kwambiri ndi zitunda ndi makona. Tayala lachitsulo panjanji yachitsulo limaterera, makamaka kukagwa mvula, nchifukwa chake sitimazi zimanyamula mchenga wothira kutsogolo kwa matayala. Za ku Sheffield ku England zimakwera malo oti pa mamita 10 aliwonse msewu wakwera mita imodzi, ndipo pamenepo ndiye pafupi ndi polekezera, zokwera phiri mpaka Ku Chawe muiwale. Pakona yothina imalira kwiii ngati ukunola chikwanje, njanji nkumadyeka msanga, ndiye mainjiniya amalolera kugumula nyumba ya pangodya kuti kona itambasuke. Komanso njanji yathu ya ku Liwonde ija ndi ya mamilimita 1067 pakati pa zitsulo ziwiri zija, ya ku Addis ndi 1435, sizingalumikizane.

Wa ku Chikanda: Nanga pa mlatho wa Likangala bambo, njanji ziwiri ndi magalimoto zonse zikwana?

Fundi Wakale: Pothina amaika njanji imodzi, sitima ina izidikira kutsidya mpaka inzake iwoloke. Koma imodzi ikangochedwa pamenepo ndiye kuti zonse zachedwa mpaka ku Chinamwali.