Ndingachepetse bwanji zithunzi osazionongera maonekedwe? Nanga imelo imakhomedwa bwanji?

Wojambula_Zomba:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ine ndimajambula pa maukwati ndi pa zinkhoswe kuno ku Zomba, koma zithunzi ndimatsukitsa ku Blantyre. Kamera yanga imatulutsa zithunzi za mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi, ndipo chimodzi chimatha kufika 10 MB. Gmail imalola 25 MB yokha pa imelo imodzi, ndiye kuti ziwiri basi, pomwe eni ukwati amasankha zodzaza alubamu yonse. Ndaziika mu ZIP, fayilo yofinya ija, koma kukula kwake sikukusintha, bandulo ikungotha. Pali njira yozichepetsera popanda kuzionongera maonekedwe? Sindikufuna velo ya mkwatibwi ituluke mbuu.

Funso lina: achemwali anga ali ku Johannesburg ndipo akufuna ndiwatumizire mapepala a malo a banja lathu komanso chithunzi cha chiphaso changa cha unzika. Pa imelo ndikuchita nazo mantha. Ndimamva kuti imelo imakhomedwa, koma zimatheka bwanji?

Nachisale_Limbe:

Achimwene, ZIP yo isakutayitseni nthawi. Chithunzi cha JPEG, mtundu wa fayilo womwe makamera ambiri amatulutsa, chimakhala chitafinyidwa kale m'kamera momwemo, ndiye ZIP sipeza choti ifinyenso. Kufinya kwa JPEG n'kotaya: imagawa chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, n'kuchotsamo tinthu tomwe diso silizindikira msanga. Tikachoka tachoka. Mukatsegula, kukonza pang'ono, n'kusunganso, imachotsanso tina. Mukamabwereza zimenezi timabokosito timayamba kuonekera, makamaka pa thambo ndi m'mphepete mwa nkhope.

Koma dzifunseni kaye: chithunzicho chikatsukidwa pa pepala lalikulu bwanji? Ine ndimakonza makhadi a ukwati ndi makalendala, ndipo muyezo womwe timatsata ndi mapikiselo 300 pa inchi iliyonse. Chithunzi cha mu alubamu, cha mainchi 4 ndi 6, chimafuna mapikiselo 1200 ndi 1800 basi. Cha A4 chimafuna 2480 ndi 3508. Inu mukalipira bandulo kutumiza 6000 ndi 4000 pa chithunzi cha mu alubamu, otsalawo makina amangowataya.

Ndiye za mu alubamuzo zichepetseni mulingo, kuchokera pa fayilo yoyambirira ya m'kamera, musunge kamodzi kokha pa quality ya 90 mwa 100. Chimodzi sichifika ngakhale 2 MB, ndipo papepala simudzaona kusiyana. Chachikulu chokapachika pabalaza chija n'chomwe mutumize chathunthu. Ngati mukugwiritsa ntchito WhatsApp, tumizani ngati Document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba imachifinyanso, ngakhale mutasankha HD.

Mbewe_IT:

A Nachisale anena zoona, kungoti njira yawoyo imatayabe, kutayako sikuoneka chabe. Kwa ntchito yanu n'kokwanira. Koma ngati mukufunadi kuti ngakhale pikiselo imodzi isasinthe, pali kapulogalamu kaulere kotchedwa jpegtran. Sikakhudza chithunzicho, kamangolongedzanso manambala a m'fayilo mosataya malo. Phindu lake n'lochepa, musayembekezere kuti 10 MB isanduke 2 MB. JPEG XL, mtundu watsopano wa fayilo ya zithunzi, imachita bwinoko: imatha kuchepetsa JPEG yakale ndi pafupifupi 20 peresenti, ndipo mutha kuibwezera m'mene inalili. Vuto n'lakuti otsuka zithunzi ambiri kompyuta yawo siingatsegule fayilo imeneyo. Ine ndingaigwiritse ntchito posungira zithunzi zakale pa hard drive, osati potumizira anthu.

Chomwe musachite n'kusandutsa JPEG kukhala PNG, mtundu wina wa fayilo ya zithunzi, poganiza kuti PNG siitaya. Siitayadi, koma fayilo ikula kwambiri ndipo zomwe JPEG inataya sizibwerera. PNG malo ake ndi malogo ndi zolemba.

Tibwere ku za mapepala. Imelo ikamayenda pakati pa Gmail ndi makampani ena akuluakulu imakhala yotetezedwa ndi TLS, njira yokhomera uthenga uli pa ulendo, moti wa pa Wi-Fi ya pa cafe sangaiwerenge. Koma ikafika imakhala yotsegula mu akaunti, kwa zaka zambiri. Wina akadziwa pasiwedi ya achemwali anuwo, kapena akatola foni yawo yosakhoma, chiphaso chanu chili m'manja mwake. Confidential mode ya mu Gmail isakunamizeni, imangoletsa kuchita forward ndi download, siikhoma uthengawo kuti inu awiri nokha muuwerenge.

Chapafupi ndi ichi. Ikani pulogalamu ya 7-Zip pa kompyuta, ndi yaulere. Sankhani mapepalawo, mupange fayilo ya 7z, muike pasiwedi yaitali, ya mawu anayi kapena asanu osagwirizana. Imakhoma ndi njira yolimba yotchedwa AES-256. Muchongenso pomwe alemba Encrypt file names kuti mayina a mafayilo asaoneke. Ngati mukufuna kuchepetsa zithunzi za mapepalazo, chepetsani musanakhome, chifukwa fayilo yokhomedwa simafinyikanso. Nthawi zina Gmail imakana mafayilo okhala ndi pasiwedi poti siingawafufuze mavairasi. Zikatero ikani pa Google Drive mutumize link.

Chirwa_Leeds:

Bwanji osangowauza za PGP, njira yokhomera imelo ija, a Mbewe? Ilipo kuyambira 1991 pomwe Phil Zimmermann anaitulutsa, ndipo kuyambira 2020 pulogalamu ya imelo ya Thunderbird imabwera nayo mkati momwemo. Munthu amakhala ndi makiyi awiri. Woyamba ali ngati loko yosakhoma yomwe mumagawira aliyense: wofuna kukutumizirani kanthu amakhomera ndi loko yanuyo, koma wachiwiri, kiyi yotsegulira, muli nayo nokha. Palibe pasiwedi youzana. Kapena onse awiri atsegule Proton Mail, ya ku Switzerland ija, zonsezi imachita yokha pakati pa ma akaunti ake.

Mbewe_IT:

PGP ndimaikonda, a Chirwa, koma ganizirani munthu yemwe ali ndi foni yokha, kompyuta alibe, ndipo akufuna mapepalawa sabata ino. Apange makiyi, awasunge, foni ikabedwa makalata onse apita. Kwa anthu olemberana zachinsinsi tsiku ndi tsiku n'zomveka, koma kwa ulendo umodzi ayi. Proton yo ndikuvomereza, bola akumbukire kuti mutu wa imelo sukhomedwa ngati uthenga wake, asalembepo nambala ya chiphaso.

Wojambula_Zomba:

Zikomo kwambiri nonse. Za alubamuzo ndiyesa njira ya a Nachisale. Koma fayilo ya 7z yo achemwali atsegula bwanji pa foni? Nanga pasiwedi ndiwalembere mu imelo ina?

Mbewe_IT:

Ayi ndithu, mu imelo musalembemo, ngakhale ina, chifukwa wolowa mu akauntiyo adzapeza zonse ziwiri. Aimbireni muwauze pakamwa. Ngati foni yawo ndi ya Android aike ZArchiver kuchokera pa Play Store, imatsegula 7z n'kufunsa pasiwedi. Akatsegula n'kusunga mapepalawo, nonse mufufute imeloyo, mu Sent ndi mu Trash momwe. Chinanso: ngati chiphasocho mujambula ndi foni, zimitsani kaye location ya kamera, apo ayi fayiloyo inyamula GPS ya pakhomo panu mu EXIF, zomwe kamera imalemba m'kati mwa fayilo ya chithunzi.