Mipeni ya sipuling'i ija yasiya kung'aluka

Zikomo nonse amene munandiyankha za mipeni yomwe ndimasula ku masipuling'i a galimoto, ija imang'aluka ndikaiviika m'madzi ili yamoto kuti ilimbe. Ndinatsata malangizo a achimwene amene anati ndisiye madzi, ndiziviika m'mafuta ophikira ofunditsa. Ndinawotcha chitsulo pa makala mpaka maginito atasiya kuchigwira, n'kuwonjezerako moto pang'ono, kenako m'mafutamo. Sichinang'aluke ngakhale pang'ono. Pambuyo pake ndinachiika mu uvuni pa madigiri 200 kwa maola awiri kuti chisamathyoke msanga. Panopa mpeniwo ukudula nyama bwinobwino.

Kwa amene mukuyamba kumene, musanoleretu mpeni musanauviike. Kukamwa kwake kusiyeni kokhuthala pang'ono, apo ayi kumapindika. Ponola pa grinder muziuviika m'madzi pafupipafupi kuti uzizire, chifukwa ukatentha mpaka kuoneka wabuluu ndiye kuti wafewanso.