Zowonjezera pa funso lopinda pulayiwudi ya bokosi la sipika

Achimwene a ku Luchenza, munafunsa chifukwa chomwe pulayiwudi ya 18 mm imathyokera mukamaipinda kuti mbali za bokosi zikhote. Yankho loyamba linali kucheka timizere mkati mwake ndi sowo, motalikirana 12 mm, n'kusiya 3 mm yosadula. Zimathekadi, koma timizereto tikatsala topanda kanthu bokosi limanjenjemera bezi ikagunda. Pakanimo guluu wosakaniza ndi utuchi musanapinde.

Njira yolimba kuposa imeneyo ndi kumata pulayiwudi ya 4 mm, zinayi kapena zisanu, imodzi pamwamba pa inzake. Dulani kaye nthiti zitatu (matabwa okhomerapo mbali za bokosi) zokhota mofanana ndendende: yapamwamba, yapakati yobowola, yapansi. Khomerani pulayiwudi yoyamba pa nthitizo, pakani guluu paliponse osasiya danga, ikani yachiwiri, mangani zolimba ndi malamba a chubu cha galimoto. Imodzi patsiku basi. Nthawi ya chiperoni kuno ku Thyolo ndi Mulanje chinyontho chimachedwetsa guluu, ndiye dikirani masiku awiri. Mukamasula msanga thabwa limawongoka n'kumatuka m'mphepete.

Kutsogolo komwe kukhale sipika kusakhote, kukhale 18 mm.

Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti kukhota kumadya malo amkati. Dzazani bokosi ndi chimanga, chikhuthulireni mu ndowa ya malita 20, muone ngati malita akufika pomwe sipika yanu imafuna. Mukamanga sipika, kankhani koni (mbali ya sipika yomwe imanjenjemera) pang'ono ndi zala: m'bokosi lotseka imalimba ngati mukufinya mpira. Ikalowa mofewa, penapake pakutuluka mpweya, kawirikawiri pobowola waya.